Munthu Wobedwa Pokwerera Tramu

Pasukulu yathu ya zisudzo mumzinda wa Gent, mwana amene akufuna malo timamutuma kukaba munthu. Musadzidzimuke, palibe amene anamangidwapo. Mawu amenewa ndi a bambo Gust Dewaele, ndipo mwambowu anauyambitsa ndi iwo omwewo kalekale, ine ndikadali mtsikana wopanda imvi. Aliyense amene wakhoza mayeso oyamba timamuuza kuti apite mumsewu, asankhe munthu amene sakumudziwa, amuyang'anitsitse: mayendedwe ake, kapumidwe kake, zimene manja amachita mwini wake asakudziwa. Akatero abwere naye pansanja yathu m'thupi mwake, popanda chipewa, popanda ndodo, popanda ndevu zomata. Malamulo ndi awiri basi. Loyamba, usawonjezerepo za m'mutu mwako. Lachiwiri, munthuyo usamulankhule, usamukhudze, usamuthandize, chifukwa malinga ndi a Gust, munthu akangodziwa kuti pali diso limene likumuona amayamba kunama.

Ine ndine Lieve. Ndimaphunzitsa kalankhulidwe, ntchito yotsegula pakamwa pa ana amene amalankhula ngati avumata mbatata yamoto. Ndinasewerapo m'nyumba za zisudzo zaka zingapo, kenako ndinakhala namwino m'sewero lina la pawailesi yakanema mpaka olemba ake anatopa nane n'kundipha pangozi ya galimoto. Amene ananditola n'kundiuza kuti ndibwere kudzaphunzitsa anali a Gust, omwenso anandiphunzitsa ine ndili mwana. Ndiye mukamva ndikuwaikira kumbuyo musadabwe. Bambo aja anandiliza kambirimbiri m'kalasi, koma chilichonse chimene ndimadziwa pansanja ndinachitenga kwa iwo.

M'mawa wa tsiku la mayeso achiwiri, Hilde anandiitana mu ofesi yake. Hilde ndiye mkulu wa sukuluyi, mnzanga wakalekale, mayi wodekha mpaka kukupsetsa mtima. Anandithirira khofi n'kutseka chitseko, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti khofi ameneyu ali ndi nkhani.

"Ana a chaka chachiwiri anabwera dzana," anatero. "Akuti a Gust anawaphunzitsa phunziro limodzi kawiri, mawu omwewo, nthabwala zomwezo, eni ake osazindikira. Akutinso mtsikana wina akumamuitana dzina la munthu amene anamaliza kuno kalekale."

"Ndiye zatani? Ana amenewo phunziro limodzi amafunika kulimva kakhumi. Kawiri ndiye kuwachitira chifundo."

"Lachiwiri sanabwere kumsonkhano, Lieve. Ngakhale foni sanaimbe."

"Ndani amaifuna misonkhano yakoyo? Ine ndimabwera chifukwa chosowa bodza labwino."

Hilde sanaseke. Nkhani yake inali iyi: a Gust anapuma pantchito kale malinga ndi zaka zawo, koma sukulu inkawaitana chaka ndi chaka kuti apitirize. Tsopano Hilde ankayenera kunena, sabata isanathe, ngati chaka chamawa awaitanenso kapena ayi. Ndipo tonse tinkadziwa kuti chimwalirireni akazi awo, a Magda, bambo aja analibe china chowadzutsa m'mawa kupatula kalasi ija.

"Ukawachotsa wawapha," ndinamuuza. "Ndikukuuza poyera kuti usadzati sindinanene. Tiana tosadziwa n'kuima komwe pansanja tikabwera kudzalira, iwe basi wayamba kunola mpeni?"

"Palibe amene akunola mpeni. Ndikufuna undiuze zoona, poti iwe umakhala nawo pafupi. Ali bwino?"

"Ali bwino kuposa iwe ndi ine."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko, khofi ndinamusiya momwemo. Sindinkanama ayi, ndinkakhulupiriradi zimene ndinanenazo.

A Gust ndinawapeza atakhala kale m'holo pampando wawo, mpango wofiira uli m'khosi, nsapato zili mbee, akusenda apulo ndi kampeni.

"Lieve, nkhope imeneyo bwanji? Wameza mavu?"

"Lachiwiri munali kuti, a Gust?"

"Lachiwiri?" Kampeni kanaima pang'ono. "Kunali chiyani Lachiwiri? Aa, msonkhano wokambirana mtundu wa makatani uja! Mwana wanga, pamsinkhu wanga uno masiku ndi ochepa, sindingawamwaze chonchi."

Ndinaseka, mtima unakhala pansi. Anandipatsa kachibenthu ka apulo, Hilde analowa n'kukhala mbali inayo, ndipo tinazimitsa magetsi a m'holo.

Umu ndi mmene timachitira. Oyesa timakhala mumdima, nyali zonse zimaloza pansanja, moti mwana amene akuyesedwa satiwona nkhope, amangomva mawu. Akayamba sitimudula mpaka a Gust atagogoda patebulo. Ndipo chaka chilichonse, abale, anthu obedwa amakhala omwewo. Zidakwa. Anyamata amakonda zidakwa chifukwa amaganiza kuti kudzandira ndi luso. Tsikulo tinaona zidakwa zitatu, mayi wina wokalipa pafoni, ndi wapolisi amene ankaoneka kuti mwanayo anamuba mufilimu, osati mumsewu. A Gust anali pantchito yawo ngati kale. Mnyamata wina atamaliza anamufunsa kuti, "Chidakwa chakocho chimafuna kugwa kapena chimafuna kuima?" Mnyamatayo anati chimafuna kugwa. "Ndiye sunaonepo chidakwa. Chidakwa chimalimbana kuti chiime mowongoka, mwana wanga, wofuna kugwa ndi iweyo." Ndinadutsitsa dzanja kuseri kwa mpando wa a Gust n'kugwedeza Hilde kuti amve bwino, ndimvenso ngati angabwerezenso zake zija.

Masana, titadya, kunalowa mtsikana wina wochepa thupi, wa juzi yaikulu yotha m'zigongono. Anati dzina lake ndi Fien, amachokera kumudzi wina kufupi ndi nyanja ndipo amagulitsa buledi m'sitolo ya azakhali ake. Mawu ake anali otsika moti ndinayamba kale kuganiza za ntchito imene ndingadzakhale nayo. Hilde anamufunsa kuti watibweretsera ndani.

"Agogo ena aamuna," anatero. "Ndinawaona pokwerera tramu, kutsogolo kwa siteshoni ya sitima."

Anatembenuka, anaima pang'ono, ndipo potembenukanso mtsikana uja kunalibe. Sanapinde msana ngati mmene ana amachitira akamasewera nkhalamba. Anaima chilili, chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba, munthu wodzisamala amene sakufuna kuti wina adziwe kuti zamuvuta. Anayenda kupita pamene pamakhala chikwangwani cha nthawi za tramu, sitima yaing'ono yoyenda mumsewu ija, anawerenga ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, anagwedeza mutu ngati wamvetsa, anabwerera. Atangofika pamene anachoka, anatembenuka n'kupitanso kukawerenga.

"Ameneyu ali ndi maso," a Gust anandinong'oneza.

Kenako nkhalamba ya Fien inaona munthu akudutsa. Inamuyandikira, inaika dzanja pachifuwa, inawerama pang'ono mutu utapendekera kumanzere, ulemu wachikale wa pansanja. Kuwerama kumeneko ndinkakudziwa. Ndinadziuza kuti nkhalamba zaulemu mumzinda muno zilipo zambiri, ndisadzipusitse.

"Pepani mayi," anatero Fien ndi mawu omveka bwino mpaka kumbuyo kwa holo, mawu amene sanali ake. "Tramu yopita kufakitale ya sopo ndi iti?"

Fakitale ya sopo inagwetsedwa ine ndisanakwatiwe. Pamalopo pali nyumba zosanja ndi malo oimika magalimoto. Koma kuseri kwake ndi kumene a Gust ndi a Magda ankakhala atangokwatirana, ndipo ife ana awo a sukulu tinkapitako kukadya supu. Ndinamva dzanja la Hilde likudutsa kumbuyo kwa mpando wa a Gust n'kundigwira phewa, zikhadabo zake zikundilowa.

Munthu wofunsidwa uja anangodutsa. Nkhalamba inamwetulira ngati palibe kanthu, inafunsa wina, mawu omwewo, kuwerama komweko. Chala chachikulu chinayamba kusisita mphete, kuizunguza, kuizunguza. Tramu inabwera, Fien anaitsatira ndi maso, anaponya phazi limodzi kuti akwere, n'kulibweza. Kumwetulira kuja kunayamba kugwa pang'onopang'ono. Ndiye anachita chinthu china. Anaika dzanja limodzi pamchombo, lina pankhongo, anatseka maso, anatulutsa mpweya katatu ndi kamluzu kapansipansi, n'kuponda ndi chidendene pansi.

Aliyense amene anadutsa pasukulu yathu amakudziwa kupuma kumeneko. A Gust anakupeka okha kuti kuthandize munthu amene mantha amugwira asanatuluke pansanja. Ine ndimakuchita mpaka lero ndikamalowa kwa dokotala wa mano. Kunja kwa makoma athu kulibe amene amakudziwa, ndipo mtsikana wogulitsa buledi uja anali asanalowepo m'kalasi mwathu.

Go! Go! Go! A Gust anagogoda patebulo mpaka kampeni kanagwa pansi.

"Basi! Ima pomwepo!" Anali atapsa mtima. "Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

Fien anaphethira, akuyang'ana mumdima mmene munkachokera mawu. "Palibe, abambo."

"Usandipusitse. Kupuma kumeneko ndi kwanga. Wapita kwa mmodzi wa ana anga akale, wamupatsa kangachepe kuti akukonzekeretse, ndiye wabwera kudzandinyengerera ndi katundu wanga yemwe. Ndinanena kuti usawonjezerepo kanthu. Ndi nkhalamba iti ya mumsewu imene imapuma choncho?"

"A Gust," ndinatero, "tiyeni tipume kaye, timwe madzi."

"Ndilibe ludzu."

Anadzuka. Ndinawagwira jekete, ndithu ndinawagwira ngati mwana amene akufuna kuthamangira mumsewu. "Khalani pansi, chonde. Tikambirana tokha." Anandichotsa dzanja osandiyang'ana n'komwe, anatsika masitepe msangamsanga. Hilde ankangoti, "Ambuye, Ambuye," chapansipansi. Ine ndinawatsatira, koma bambo aja miyendo inali ikadali yawo, anafika pansanja ine ndili pakati.

Atangolowa m'kuwala, Fien anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. "Mayo ine!" Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Nkhope yake inayera ngati ufa.

"Tsopano chiyani? Sindiluma," anatero a Gust. "Tamvera, mwana iwe. Luso uli nalo, ndaliona. Chikwangwani chija, phazi lija, zonse zija n'zoona. Koma wabodza sindimulandira. Ndiuze amene anakuphunzitsa kupuma kumeneko, mwina ndingakukhululukire. Ukapanda kunena, tenga chikwama chako ubwerere kukagulitsa buledi."

Maso a mtsikanayo anali pa mpango wofiira, kenako pa mphete, kenako pa ine amene ndinali nditafika m'mphepete mwa nsanja. Ndinamupukusira mutu. Ndinkamuuza ndi maso kuti akhale chete, avomere bodza, atchule dzina lililonse, za malo ake ndikonza ine pambuyo. Koma mwanayo sankandidziwa, akanandikhulupirira bwanji? Iye ankangoona khomo limene analilota likutsekeka chifukwa cha mlandu umene sanapalamule.

"Sindinawonjezere kanthu, abambo," anatero. "Anachita choncho. Anachita kangapo."

"Liti?"

"Lachiwiri masana."

"Lachiwiri," a Gust anabwereza, akuseka monyoza. Kuseka kuja sikunafike patali.

"Anavala mpango wofiira," anatero Fien, misozi itayamba kutsika. "Ndipo pali mawu ena amene sindinafike nawo chifukwa mwandidula. Anauza bambo wina kuti, 'Ndithandizeni achimwene, ndachedwa. Magda waphika kale, ndipo sakonda supu ikazizira.'"

Ndaonapo anthu akufa pansanja m'njira zonse, ndi mpeni, ndi chiphe, ndi chisoni. Sindinaonepo nkhope ikuchita zimene inachita nkhope ya a Gust. Sinakwinyike, sinagwe. Inangoima, ngati nyumba imene eni ake atuluka. Dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono n'kugwira mpango uja. Anauyang'ana ngati wina wawaveka ali m'tulo.

"Lieve," anatero osatembenuka. "Lachiwiri ndinali kuti?"

"Sindikudziwa, a Gust."

"Inenso." Anatsitsa dzanja lija. "Ndikukumbuka ndikuvala nsapato kuti ndibwere kumsonkhano. Kenako ndikukumbuka ndili kukhitchini kwanga, kunja kukuda, masokosi atanyowa. Ndinati ndinagona pampando."

Hilde anali atayatsa magetsi a m'holo, kaya chifukwa chiyani, ndipo mipando yonse yopanda anthu inkangotiyang'ana. A Gust anatembenukira kwa Fien. Mawu awo anali odekha, mawu a m'kalasi.

"Unamuyang'ana nthawi yaitali bwanji munthu ameneyu?"

"Nthawi yaitali, abambo. Matramu ambiri anadutsa. Mvula inayamba, inakata, inayambanso."

"Anafunsa anthu angati?"

"Ambiri. Ena ankati sakuidziwa fakitaleyo. Ena ankangodutsa. Anyamata ena anawaseka."

"Kenako?"

"Kenako anakhala pabenchi yonyowa. Anasiya kufunsa." Fien anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Analira, koma mopanda phokoso. Anthu akamayandikira ankawongoka n'kumayang'ana wotchi ngati akudikira munthu."

"Ndiye anamutengera kwawo ndani?"

"Sindikudziwa, abambo."

"Sukudziwa bwanji?"

"Nthawi ya sitima yanga inakwana. Ndinawasiya pabenchipo."

Apa ndiye magazi anandikwera kumutu. Ndinakwera pansanja sindikudziwa n'komwe kuti ndinakwera bwanji.

"Iwe mwana, uli ndi mtima kapena mwala? Munthu wamkulu, msinkhu wa agogo ako, akulira pamvula, wasochera, iwe uli poteropo tong'o ngati ukuonera mpira? Ngakhale kumufunsa kuti abambo mumakhala kuti? Ngakhale kuitana wapolisi? Asa! Anakulera ndani iwe?"

"Ndinkafuna!" Fien anakuwa, akulira poyera tsopano. "Ndinadzuka kawiri kuti ndipite. Koma munati tisamulankhule, tisamukhudze, tisamuthandize. Munati amene aphwanye lamulo asabwere n'komwe. Ndinkaganiza kuti mwina pali wina wa sukulu amene akutiyang'ana. Chichokereni Lachiwiri sindikugona, mayi. Ndinati ndisinthe, ndibe munthu wina, koma nthawi inali itatha."

Lamulo limenelo ine ndemwe ndinkaliwerengera ana chaka chilichonse, monyadira, ndikukweza chala m'mwamba.

"Musiye, Lieve," anatero a Gust. "Wachita zimene ndinalamula. Pa ana onse amene ndawatuma mumsewu, uyu yekha ndiye wandimvera mpaka pamapeto." Anayesa kuseka koma kunangotuluka mpweya. Anakoka mpando umene unali m'mbali mwa nsanja, anakhala, anaika manja pamaondo. "Yambiranso."

"Abambo?"

"Yambiranso kuyambira pachikwangwani. Ulendo uno sindikudula."

"A Gust, ayi," anatero Hilde ali m'munsi. "Zakwana. Tiyeni mu ofesi."

"Hilde, anthu onse a pasiteshoni anamuona munthu ameneyu. Anyamata anamuseka. Ine ndekha ndi amene sindinamuone. Palibe munthu amaona nkhongo yake, ndiye poti wapezeka wondionetsa, undiletse? Yamba, mwana wanga."

Fien anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Anatembenuka, mapewa akugwedezeka, n'kuyamba. Atafika pachikwangwani misozi inali ikuyenderera.

"Pamenepo analira?" anafunsa a Gust.

"Ayi, abambo. Analira pambuyo pake."

"Ndiye misozi yakoyo isunge. Si yake, ndi yako. Pukuta, uyambirenso."

Mwana uja anapukuta nkhope, anapuma, ndipo Mulungu ndi mboni, anachita. Anachita zonse, chikwangwani, kuwerama, fakitale ya sopo, phazi lobwerera, supu ya a Magda, benchi yonyowa, wotchi. Ine ndinaima m'mbali. Kumanzere kwanga kunali a Gust a mpango wofiira atakhala mowongoka, kumanja kwanga kunali a Gust ena m'thupi la mtsikana wa juzi yong'ambika, ndipo chala chachikulu cha onse awiri chinkazunguza mphete nthawi imodzi. Bambo aja sanaphethire. Ankayang'ana monga ankayang'anira ntchito ya mwana aliyense, mutu utapendekera pang'ono, milomo ikutsatira mawu.

Fien atafika pamene anawasiya, anangoima, manja lende. A Gust anagogoda pang'ono pamwendo wa mpando.

"Phewa lakumanja ukulikweza kwambiri," anatero. "Kapena mwina ndi mmene amachitira, sindingadziwe." Anadzuka, anapita m'mphepete mwa nsanja n'kuyang'ana Hilde. "Uyu mumulandire. Mawu ake ndi ochepa koma Lieve awakonza. Ndipo ana a chaka chachiwiri aja uwapezere munthu wina. Usadikire chaka chamawa, uyambe kufunafuna mawa."

"Tikambirana, a Gust. Mupite kaye kwa dokotala, mwina pali mankhwala, mwina mungamabwere kamodzi pa sabata, wina ali nanu m'kalasi."

"Kuti ana azindiyang'ana ngati mmene wandiyang'anira uyu? Ayi, mayi. Ndaonera sewero lonse, ndikudziwa kumene likupita."

Ndinkafuna kukana, kukuwa, kumenyetsanso chitseko china. M'mawa womwewo ndinali nditalumbira kuti bambowa ali bwino kuposa tonsefe. Koma mkangano unali utatha, ndipo amene anauthetsa anali mwini wake. Hilde anatenga Fien n'kutuluka naye, akumusisita pamsana. Panja panali ana ena amene ankadikira nthawi yawo, ndipo ndinamumva Hilde akuwauza kuti mayeso apitirira mawa.

A Gust anatsika, anatola kampeni kawo pansi, anakapukuta n'kukaika m'thumba. Anavala chikhoti, anamanga mabatani onse mpaka m'khosi, anayenda mpaka pakhomo la holo. Pamenepo anaima. Anaima nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko, akuyang'ana kunja kumene kunkamveka belu la tramu. Pazaka zonse zimene ndinawadziwa, bambo aja anali asanandipemphepo kanthu, ngakhale kuwanyamulira buku.

"Lieve, uli ndi kalasi masana ano?"

"Ndilibe."

"Undiperekeze kwathu." Sanandiyang'ane. "Ndipo panjira ukamva ndayamba kufunsa za fakitale ya sopo, usaime patali n'kumandiyang'ana. Undigwire dzanja."

Ndinasiya chikwama changa pampando pomwepo, ndinawagwira mkono tisanatuluke n'komwe pakhomo, ndipo iwo sanauchotse.